Maliro Opanda Womwalira

Sajeni Lusia Mateyu, wapolisi wofufuza milandu wa ku boma la Mangochi, anali asanatsike n'komwe pa njinga yamoto pamene anamva kaphokoso kachilendo. Kankatulukira pa zenera la wodi ya amayi, kopyapyala ngati ka ketulo imene yangoyamba kuwira. Kankalira, kusiya, kuliranso. Iye anayesa ndi makina ena a m'chipatala.

"Si makina amenewo, Sajeni," anatero bambo amene anamuchingamira pakhonde. "Ndi munthu akupuma."

Bamboyo anali a Ambrose Likongwe, ogonetsa odwala tulo pa nthawi ya opaleshoni pa chipatala chaching'ono cha m'njira ya ku Makanjira, chimene anthu amangochitcha cha Kudooko. Anali munthu wamtali wa ku Dedza, wodziwika ndi kufatsa, koma mmawa umenewo mabatani a malaya awo anali atalowa m'mabowo olakwika, eni ake osadziwa.

"Dzina lake ndi Hidaya," anatero akuyenda mwandawala, Lusia akuwatsata pambuyo. "Ali ndi chithokomiro, chotupa cha pakhosi chija. Wakhala nacho zaka, koma sabata ino chakula mwadzidzidzi ndipo chikufinya njira ya mpweya. Dokotala wodula wafika kuchokera ku Blantyre, akudikira m'fiyeta. Koma sangayambe ine ndisanalowetse kachubu m'njira ya mpweyayo kuti ndizimupumitsa ali mtulo."

"Ndiye lowetsanitu."

"Pa inu ndikhoza kulowetsa nditatsinzina diso limodzi. Ndimatsegula kukamwa, kunyamula lilime ndi kachitsulo, khomo la mpweya n'kuonekera. Pa Hidaya chotupacho chakankhira khomolo kumbali, chalipanikiza. Diso silifikako. Ndikati ndiyese mongopapasa, pakhosi patupa, patsekeka, tamutaya patebulo pomwepo."

"Nanga chabedwacho n'chiyani?"

"Laringosikopu ya kamera. Ife timangoti kamera ya pakhosi. Ndi chogwirira chokhala ndi lilime lopindika. Kunsonga kwa lilimelo kuli kamera ndi kanyali, kumtunda kuli kasikirini. Imasuzumira pokhota pamene maso alephera. Pano tili nayo imodzi yokha."

"Bwanji osamutumiza ku Zomba?"

A Likongwe anaima. "Sangagone chagada ngakhale pang'ono. Ndi mabampu a msewu uwu, sakafika ndi pa mlatho wa ku Mangochi pomwe."

Lusia sankakonda zipatala, ndipo fungo lake linkamugwetsa ulesi kuyambira ali mwana. Koma kaphokoso kaja kanali katamulowa m'khutu ndipo kanamuchititsa nthumanzi. Milandu yonse ya katundu wobedwa imene anagwirapo inali yodikira Lolemba. Uwu sukanadikira ngakhale nkhomaliro.

*

Anzake a ku siteshoni ankamuseka Lusia chifukwa cha khalidwe limodzi. Akafika pamene pabedwa, sankalimbana ndi chimene chapita. Ankayang'ana chimene chatsala.

M'kachipinda kophunzirira, koyandikana ndi mpopi wa magadiyani, munatsala zambiri. Patebulo panali laputopu ya a Likongwe. Pawindo panali foni ya nesi wina ili pa chaja. Loko wa chitseko analibe ndi chipsera chomwe.

"Dzulo masana ndimayeserera muno, chifukwa ndimadziwa kuti lero ndi tsiku lovuta," anatero a Likongwe. "Anandiitana mwadzidzidzi kwa mayi wina wolephera kubereka. Ndinaponya zonse m'chikwama chakuda, kukoka zipi, n'kuthamanga. Chitseko ndinangochibweza. Nesi anadzakiya madzulo osasuzumiramo. Mmawa uno ndapeza chikwama palibe."

"M'chikwamamo munalinso chiyani?"

"Machubu angapo ndi chidole chophunzirira. Zopanda ntchito kwa wakuba."

Akuluakulu a chipatalacho anali atamutsina kale khutu Lusia pafoni kuti ayambe ndi a Likongwe omwewo, poti zipangizo zotere zimamera miyendo n'kukapezeka m'zipatala zolipira m'tauni. Iye anawayang'ana bamboyo, thukuta lili kamukamu pamphumi, khutu lawo lili ku wodi ya amayi, n'kuitaya nkhaniyo. Munthu wogulitsa katundu wa pantchito sasanduka nkhope chonchi.

Anagwada. Pansi panali popaka polishi wofiira, ndipo wopakayo sanaumire dzanja. Pa polishiyo panali zidindo za nsapato za labala za a Likongwe, zopita uku ndi uku. Pakati pa izo panali mapazi ena, akuluakulu, zala zotakasuka, ming'alu ya zidendene ikuonekera bwinobwino. Analowa molunjika patebulo n'kutuluka molunjika. Sanapatukire ku laputopu kapena ku foni.

"Alipo wogwira ntchito pano amene amayenda opanda nsapato?"

"M'chipatala? Palibe. Ngakhale odwala ochokera kutali amabwereka masilipasi."

Lusia anatuluka n'kuyang'ana pakhomo. Pa fumbi la pakhonde panali zidindo ziwiri za nkhwaira za matayala, zoyalidwa bwino moyandikana, zoloza kuchitseko.

"Wakuba wanuyu anavula nsapato asanalowe," anatero.

"Kuti asamveke?"

"Masana, pafupi ndi mpopi umene azimayi amachapira mbale? Pamenepo ngakhale ng'ombe ikhoza kulowa osamveka. Uyu anavula chifukwa cha ulemu. Chimene sindikudziwa n'chakuti amalemekeza ndani m'chipinda chopanda munthu."

*

Mlonda wa pageti, Jailosi, anaima njo ngati ali pa perete. Anagwirapo ntchito ku kampani ya alonda ku Lilongwe, ndipo aliyense womupatsa moni ankadziwa zimenezo moni usanathe.

"Madamu, pageti panga sipadutsa ngakhale supuni. Ine ndimasecha. Thumba, dengu, m'chitenje, ndimasecha. Anesi amadana nane, koma lamulo ndi lamulo."

"Dzulo masana unaliko?"

"Ndinalipo ndendende. Chikwama chakuda sichinadutse pano. Chikanadutsa, bwenzi mwini wake mukumupeza atakhala apa, manja kumbuyo."

"Unasecha aliyense?"

"Aliyense, madamu."

"Wina aliyense amene anatuluka atanyamula kanthu?"

"Kupatula maliro. Maliro sitisecha, nafenso tinaleredwa."

"Maliro ake ati?"

"A kamwana. Bambo wina wachikulire, wa mkanjo woyera, anatuluka atafungata kamtembo pachifuwa, atakafunditsa chitenje. Mukudziwa mmene amanyamulira, manja onse awiri, kuyenda pang'onopang'ono, milomo ikutakataka. Ine ndinavula chipewa, kutsegula geti yonse, n'kuwerama."

"Nkhope unaiona?"

"Munthu woferedwa sumuyang'ana m'maso, madamu. Ndinangoona nkhwaira."

Lusia anatembenukira kwa a Likongwe, amene anamutsatira mpaka pagetipo. "Dzulo pamwalira mwana pano?"

"Ayi. Wa mayi uja tinamutulutsa wamoyo, akulira ngati walipidwa. Sabata yonse ino sitinataye mwana."

Jailosi anayang'ana uyu, kuyang'ana uyo, chipewa chake chikuoneka kuti chamukulira mwadzidzidzi. Lusia sanamulabadire. Mumtima mwake zinthu ziwiri zinali zitakumana, nsapato zovulidwa pakhomo ndi mtolo wofungatidwa pachifuwa.

"A Likongwe, chidole chanu chija n'chooneka bwanji?"

"Ndi cha labala. Timaphunzirirapo kulowetsa chubu."

"Ndafunsa maonekedwe."

"Ndi mutu wa munthu wamwamuna. Khungu lakuda ngati lathuli, maso otsinzina, kukamwa kwatsegula pang'ono, mano, lilime, zonse. Chimathera m'khosi." Mawu awo anatsika. "Thupi chilibe."

*

Kunja kwa geti kunali kamsika ka nthochi, usipa wouma ndi zitenje. Nsalu ankagulitsa mayi mmodzi yekha, che Sakina, wonenepa bwino, amene pakamwa pake sipankatera ntchentche. Lusia anamufunsa ngati dzulo lake panabwera wogula bafuta wokulungira mtembo.

"Bafuta? Eee, ndagulitsa dzulo, mwanangu. Inetu ndinadabwa. Munthu akamwalira dera lino ndimayamba kumva ndine, mwazini wa pamzikiti asanalengeze n'komwe. Dzulo kunali zii. Ndiye akubwera che Wadi, akuti ndidulireni sanda. Ndikuti ya wamkulu kapena ya mwana? Akuti yaing'ono. Ndikuti pepani, watisiya ndani? Osandiyankha. Ine che Wadi ndadziwana nawo ndisanakwatiwe, sanandimanepo mawu. Anagulanso lubani. Mtolo wawo anakana kuutsitsa pansi, ndinachita kuwapanikizira nsaluyo m'khwapa."

"Che Wadi ndi ndani?"

"Simuwadziwa? Ndinu a ku boma ndithu. Amene amasambitsa maliro a amuna pa mzikiti wathu uwu, manda amakumbanso okha. Munthu wa Mulungu, koma chaka chino chawazunza. Mnyamata wawo Mustafa anamira nthawi ya mwera, bwato linapezeka, iye ayi. Bambowo anayenda gombe lonse mpaka ku Makanjira kufunafuna mtembo. Maso awonso achita ng'ala, amakuzindikira ndi mawu. Ndiye anthu oipa pakamwa akhala akuwauza kuti mitembo ya m'nyanja imatoledwa n'kugulitsidwa ziwalo. Ine zimenezo sindilowerera, ndimangomva."

"Ndingawapeze kuti?"

Che Sakina analoza ndi mlomo kuseri kwa mpanda. "Momwemo m'chipatalamo. Akudwazika mwana wawo wamkazi, uja wa chotupa pakhosi uja. Hidaya."

Lusia anathokoza mwachidule n'kuyamba kuthamanga, chinthu chimene anali atalumbira kuti sadzachitanso atavala nsapato za boma.

*

Hidaya anali atakhala tsonga pabedi, atatsamira mapilo, manja atagwira zitsulo za m'mbali. Chotupa chinali chitadzaza pakati pa chibwano ndi chifuwa. Mpweya uliwonse ankachita kuukoka ndi mapewa, ndipo milomo yake inali itayamba kuchita mbuu. Pansi pa bedi bambo wachikulire wa ndevu zoyera anali kumanga mapoto ndi makapu m'chitenje.

"Akuti akumutenga," nesi ananong'oneza Lusia. "Dzulo mmawa anatigwadira kuti timupange opaleshoni. Lero akukanitsitsa kwamtuwagalu. Aitanitsa ndi Shehe kuti awathandize kupeza galimoto."

Shehe Ahmad, bambo wochepa thupi wa magalasi, anali ataima pakhomo la wodi, akuoneka kuti sakumvetsa chimene aitanidwira. Lusia anawapempha onse awiri kuti atuluke pakhonde. Anawalonjera m'Chiyao, chimene anakula nacho ku Chiponde kumene makolo ake anafikira pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anaona mapewa a che Wadi akutsika pang'ono.

"Atati, dzulo masana munali kuti?"

"Kumzikiti, ku pemphero la masana, swala ya Alasiri."

Lusia anayang'ana zikhadabo zawo. Munali dothi lofiira, losiyana ndi mchenga woyera wa pachipatalapo. Anatembenukira kwa Shehe.

Shehe Ahmad anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale. "Che Wadi, ndikhululukireni, bodza sindingakuikireni kumbuyo. Dzulo pa Alasiri malo anu anali opanda munthu, ndipo tonse tinacheuka. Munabwera dzuwa litapendeka, n'kundifunsa funso limene landisowetsa mtendere. Munati, kodi munthu akapeza mutu wokha wa Msilamu, angauswalire?"

Che Wadi anakhala pa benchi pang'onopang'ono. Kupuma kwa mwana wawo kunkamveka kudzera pazenera.

"Ndimapita kumpopi kukatawadha, kudziyeretsa ndisanapemphere," anayamba. "Ndinasuzumira pawindo. Ndinaona mwachimbuuzi adokotala aatali aja atagwira mutu wa munthu patebulo, akuulowetsa chitsulo choyaka m'kamwa. Atathamanga, ndinalowa. Ndinatsegula chikwama pang'ono n'kupapasa. Dzino lakutsogolo linali lobenthuka." Anagwira dzino lawo ndi chala. "Mustafa anabenthula lomweli ndi nkhafi ali mnyamata. Ndinakhudza tsaya, linali lozizira, lolimba, mmene imakhalira mitembo yobayidwa mankhwala. Ndasambitsa anthu osawerengeka, mayi, koma uyu manja anakana kumutulutsa. Ndinamukulunga ndi chikwama chomwecho."

"Bwanji simunabwere kupolisi?"

"Mukanamutenga kupita naye ku boma. Mukanamuika m'firiji, kumulemba nambala. Wazunzika kokwanira."

A Likongwe anali atafika kumbuyo kwa Lusia. "Bambo, chimene chija ndi chidole. Dzinolo anabenthula ndi ophunzira anga pokanikiza chitsulo."

Che Wadi sanawayang'ane n'komwe. "Wakuba savomera," anatero. "Mwana wanga mmodzi mwamudula. Uyu simumukhudza."

Lusia anaona kuti mawu a dokotala pano alibe msika. Anamasula unyolo m'chiuno mwake n'kuuika pa benchi, pafupi ndi dzanja la bamboyo kuti aukhudze.

"Atati, ine sindikuuzani kuti mukhulupirire adokotala. Tiyeni kumanda. Mukafukule nokha, mukatsegule nokha, Shehe akuona. Akakhala Mustafa, unyolo uwu ndiwamanga nawo a Likongwe, ndiwayendetsa pakati pa msika mpaka ku boma, ndipo Mustafa abwerera m'manda mwake lero lomwe, sindimulemba nambala. Koma akakhala kuti si iye, ndiye kuti mwakwirira chinthu chokhacho chimene chingapulumutse Hidaya."

Bamboyo anapapasa chitsulo chozizira cha unyolowo. "Manda safukulidwa," anatero motsitsa.

"Pofuna kupulumutsa wamoyo amafukulidwa," anayankha Shehe Ahmad. "Tchimo lake likhale pa ine. Nyamukani, che Wadi."

*

Manda anali kuseri kwa mzikiti, pa kamtunda ka dothi lofiira. Lusia anaima pa mtengo wa mango wa m'malire, chifukwa kumeneko akazi salowa. Pa ntchito yake anathyolapo zitseko za anthu olemera ndipo analowapo m'mabala amene amuna anzake ankaopa, koma apa anaima, nalola mwambo kuti udutse. Mtima wake wokha ndi umene unalumpha malirewo.

Khasu linkamveka. Anthu a pamsika anali atatsatira, che Sakina patsogolo, ndipo anaima chapatali, kwa nthawi yoyamba onse ali chete. Foni ya Lusia inalira. Anali nesi.

"Sajeni, wayamba kusokonezeka mutu. Mpweya wa m'botolo sukumukwanira."

"Muuzeni kuti tikubwera."

A Likongwe anali pambali pake, akutafuna chala. "Ngati dothi lakanikiza sikirini, kapena ngati anathira madzi, zathera pomwepa," anatero.

Khasu linasiya. Kunamveka matabwa akugundana. Lusia anaimirira ndi zala za kumapazi n'kuona che Wadi akutuluka m'dzenje atafungata mtolo woyera. Anagwada, kumasula mfundo za sanda imodziimodzi, kutsegula zipi. Shehe anawagwira dzanja n'kuliyendetsa pansi pa khosi la mutuwo, pamene panali thabwa lapulasitiki, zomangira zachitsulo ndi timatumba tiwiri ta labala toimira mapapo. Bamboyo anapapasa nthawi yaitali. Analowetsa chala m'kamwa, nakoka lilime, lilimelo n'kubwerera lokha.

"Si iye," anatero. Mawuwo anafika mpaka pa mango. "Ndiye kuti mwana wanga akadali m'nyanja."

Lusia anamva chisoni chimene sanachiyembekezere, chifukwa bamboyo anali ataferedwa kachiwiri pamaso pa anthu. Koma che Wadi sanakhalitse pansi. Anadzuka, kunyamula chikwamacho, n'kuyamba kuthamanga chopunthwapunthwa kudutsa pakati pa mitumbira mpaka anafika pamalire n'kuchitula m'manja mwa a Likongwe.

Chikwamacho chinalibe ndi kadothi komwe. Mwa mwambo wawo, che Wadi anali atakumba kachipinda cham'mbali pansi pa dzenje, kugoneka mtolowo mmenemo n'kutseka ndi matabwa kuti dothi lisagwere womwalira. A Likongwe anatulutsa kamera ija n'kudina batani. Kanyali kanayaka, ndipo pa sikirini panaoneka chala chawo chomwe.

Che Sakina ndi amene anayambitsa nthungululu, pamanda pomwepo, Shehe n'kuyang'ana kumbali ngati sanamve. Lusia anali atakwera kale njinga yamoto. A Likongwe anadumphira kumbuyo, ndipo anthu anapatuka okha. Pageti Jailosi anatsegula zitseko zonse ziwiri osasecha munthu.

*

Chipangizocho anachitsuka ndi mankhwala mofulumira koma mosaphonya malo. Vuto lina linatulukira m'fiyeta. Hidaya, amene ankamva Chichewa bwinobwino, mantha anali atamubwezera ku chiyankhulo cha amayi ake, ndipo Chiyao cha a Likongwe chinkathera pa moni.

"Sindingamugonetse ndisanalowetse chubu," anauza Lusia. "Akagona, minofu ya pakhosi ilefuka, chotupa chitseka kotheratu. Ayenera kukhala maso, azipuma yekha, azimva zimene ndikunena. Valani izi."

Umu ndi mmene wapolisi wodana ndi zipatala anapezekera atavala chipewa chapepala ndi gauni yobiriwira, atagwira dzanja la mayi amene anamuona koyamba mmawa womwewo. Dokotala wodula anaima pakona, manja ali m'mwamba, mpeni uli pafupi kuti mwina zikavuta aboole pakhosi, ngakhale aliyense ankadziwa kuti pa chotupa chotere kuboola n'kungoyesa mwayi.

Hidaya sanamugoneke, anamusiya chokhala. A Likongwe anamupopera mankhwala ochititsa dzanzi pa lilime ndi kummero, kudikira, kupoperanso. Kamera anali ataiyatsa kale kuti itenthe, isachite nkhungu ikakumana ndi mpweya wa m'kamwa. Kachubu anasankha kakang'ono, n'kukalowetsa kawaya mkati, n'kukapinda mofanana ndi lilime la chipangizocho.

"Muuzeni atsegule kukamwa, atulutse lilime. Muuzeni kuti sindimufulumiza."

Lusia anamasulira. Zala za Hidaya zinamufinya mpaka mafupa kulira.

"Maso kukamwa," a Likongwe anadziuza okha, akutsetsereza chipangizocho pakati pa lilime. "Tsopano maso pa sikirini."

Pa kasikiriniko panaoneka mofiirira, monyowa, mopanda mutu ndi mchira. Malovu anaphimba chithunzi, nesi n'kuwayamwa ndi kapayipi. Kenako kanaoneka kanyama kopindika ngati tsamba.

"Ako ndi kotsekera. Khomo limakhala pansi pake." Ananyamula pang'ono. Pansi pake panalibe khomo.

Hidaya anatsokomola, makina n'kuyamba kulira mofulumira. Lusia anawerama n'kumuyankhula m'khutu za ana ake, za atate ake amene ali pakhonde, chilichonse chimene chinabwera pakamwa. A Likongwe sanakankhire mkati monga mmene mantha amalamulira. Anabweza chipangizocho pang'ono kuti aone patali, n'kuchipendeketsa kumanzere. M'ngodya ya sikirini, kutali ndi pamene chinayenera kukhala, munaoneka kamng'alu kakuda pakati pa timinofu tiwiri toyera. Kankatseguka pang'ono Hidaya akakoka mpweya, n'kutsekanso.

"Ndi limenelo," anatero, mawu awo ali phee. Anapopera mankhwala ena pa kamng'aluko. "Maso kukamwa." Analowetsa kachubu chakumbali kwa tsaya, akuyang'anitsitsa kuti asalase m'kamwa. "Maso pa sikirini."

Nsonga ya kachubu inatulukira pa chithunzi, kuyandikira, kugunda m'mphepete mwa khomo n'kukana. Anayesanso, inakananso.

"Nesi, kokani waya pang'ono. Basi. Sajeni, muuzeni akoke mpweya wonse umene angathe."

Lusia ananena. Hidaya anakweza mapewa, kamng'alu kanatseguka, ndipo a Likongwe anapotoza kachubu ndi zala ziwiri. Kanalowa, timinofu toyera tija n'kukakumbatira.

Kaphokoso kaja kanatha. Pa makina panayamba kuyenda mzere wokwera ndi kutsika mwadongosolo, ndipo thumba la mpweya linkafufuma ndi kuphwa m'dzanja la nesi.

"Talowa," anatero a Likongwe. "Mugonetseni tsopano. Adokotala, wodwala ndi wanu."

Dokotala wa ku Blantyre anagwedeza mutu. "Ndaonapo makosi ovuta, a Likongwe, koma ili ndikalisimba kwathu."

Lusia anafuna kunena kanthu koyenera wapolisi. M'malo mwake anapeza kuti akuseka mkati mwa chophimba kukamwa, misozi ikunyowetsa nsaluyo, ndipo sanachite nazo manyazi. Anali atagwirapo mbava zambiri, koma chimwemwe chotere anali asanachilawepo pa ntchito.

*

Opaleshoni inatenga masana onse. Che Wadi anakhala pa benchi ya pakhonde osadya, ndipo Lusia atatuluka anaimirira n'kutambasula manja onse awiri.

"Ndine wakuba, mayi. Mangani."

"Mlandu ulipo, atati, ndipo tikaukamba ndi akuluakulu a chipatala. A Likongwe anena kale kuti iwo sakudandaula, akuti katundu wawo sanasungidwepo mwaulemu chonchi. Tsitsani manjawo."

Dzuwa lisanalowe anamutulutsa Hidaya, chubu atachotsa, pakhosi pali bandeji yoyera. Khosi lake linkaoneka lalitali, la munthu wina. Nesi atalola, Lusia anawagwira mkono che Wadi n'kuwalondolera mpaka pabedi.

Bamboyo anaima. Anapendeketsa mutu n'kumvetsera. Kwa miyezi yambiri ankadziwa kuti mwana wawo ali moyo chifukwa cha kulira kwa pakhosi pake, ndipo tsopano sankamva kanthu. Lusia anaona nkhope yawo ikugwa. Anawerama mmene ankaweramira pa anthu amene anaitanidwa kukawatseka maso, n'kuika khutu pafupi ndi mphuno ya Hidaya, ndevu zikukhudza tsaya lake.

Hidaya anatsegula maso. Mawu ake anatuluka osasa, aang'ono.

"Atati, sunthani pang'ono. Ndikupuma ine."

Che Wadi anakhala pansi pa simenti pomwepo, kugwira mwendo wa bedi, n'kuyamba kulira mokweza, kutamanda Mulungu ndi kuseka nthawi imodzi, mpaka nesi anabwera kudzawauza kuti akusokoneza odwala ena. Lusia anamugwira nesiyo paphewa n'kumuuza kuti awasiye.